Kapepala komwe munasayinirana banja litatha

Zimandipweteka ndikaona munthu akusunga kapepala zaka ndi zaka, mtima uli m'malo, chifukwa iye ndi mnzake wakale anasayinapo onse awiri. "Nyumba ndakusiyira." "Fizi ya ana ndizilipira ndine." Ena amati kapepala kotere n'kachabe poti sikanadutse kwa loya. Ine sindivomereza. Komanso amene amakatenga ngati chigamulo cha khoti akudzinamiza.

Ku England kuli milandu iwiri yomwe ophunzira zamalamulo m'mayiko ambiri amaidziwa. Mu 1919, pa mlandu wa Balfour, mwamuna analonjeza mkazi wake mapaundi 30 pamwezi banja likadali bwinobwino. Khoti linati limenelo ndi lonjezo la m'nyumba, lamulo silingalowererepo. Mu 1970 kunabwera mlandu wa Merritt. Bamboyo anali atachoka kale n'kupita kwa mkazi wina. Atakumana m'galimoto kuti akambirane, mayiyo anaumirira kuti bamboyo alembe papepala kuti iye akamaliza kubweza ngongole ya nyumba, nyumbayo idzakhala yake yekha. Mayiyo anabwezadi ngongoleyo, bamboyo n'kusintha maganizo. Khoti la apilo linagamula mokomera mayiyo. Mfundo yake inali yomveka: anthu amene asiyana sadaliranso chikondi kuti chisunge lonjezo, ndiye akalemba n'kusayina amakhala akufuna kuti mawuwo awamange.

Kulemba kotero kuli ndi mphamvu, ndipo kumaposa kutali pangano la pakamwa. Koma woweruza sangoyang'ana siginecha basi. Amafunsa ngati wina anasayina akuopsezedwa kapena ali pakati pa misozi, ngati wina anabisa chuma, ngati aliyense anamvetsa chomwe akutaya. Mawu osamveka amaphanso pangano. "Ndizikuthandiza" ndi ndalama zingati? Tsiku liti? Mpaka liti? Ndipo pa nkhani ya nyumba kapena malo, dzina likapanda kusinthidwa pa zikalata za umwini, mkangano ukadalipo.

Pomwe mtima wanga umawawa kwambiri ndi pa ana. Kholo lina, chifukwa chotopa ndi mikangano, limasayina kuti silidzapemphanso kalikonse bola lisiyidwe pamtendere. Kutopako ndimakumvetsa, sindikuweruza munthu. Koma chithandizo cha mwana ndi ufulu wa mwanayo, si katundu wa mayi kapena bambo woti angaugulitse. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989 limaika pa makolo udindo wosamalira mwana, ndipo limati makhoti aziika patsogolo zokomera mwanayo. N'chifukwa chake m'mayiko ambiri woweruza akhoza kusintha zomwe munagwirizana, mwana akadwala, fizi ikakwera, kapena kholo likapeza ntchito yabwino.

Maganizo anga ndi akuti mukagwirizana, musachedwe. Pitani nako kukhoti kapepalako mukadamvana, woweruza akaunike n'kukasandutsa lamulo la khoti. Ambiri amaopa kuti kutero n'kuputanso nkhondo, pomwe nthawi yosavuta ndi imeneyo, onse mukunena chimodzi. Mnzanu akadzaphwanya lamulo la khoti, pali njira zomukakamiza, m'mayiko ena mpaka kumudula pa malipiro. Akaphwanya kapepala chabe, muyamba kaye mlandu wotsimikizira kuti pangano linalipo, ndipo nthawi yonseyo mwana akufunika fizi.