Nduna zalumbira, koma bajeti ili m'manja mwa aphungu

Nkhani yomwe ndawerenga yatchula nduna zatsopano n'kunena kuti chipani cholamula chilibe aphungu ambiri, koma sinafotokoze pomwe pagona vuto. Kuno ku Malawi Pulezidenti amasankha nduna yekha, Nyumba ya Malamulo siyizivomereza. Chomwe chimavuta ndi ndalama. Pa mipando 229, boma limafuna aphungu 115 kuti likhale ndi mtima m'malo podutsitsa bajeti kapena ngongole, ndipo kusintha Malamulo aakulu a dziko kumafuna 153.

Chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo. Bajeti ikachedwa, aphungu angathe kulola boma kugwiritsa ntchito ndalama kwa miyezi inayi yokha, zongoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku. Ntchito zatsopano zimaima. Tinaziona mu 2007, Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF n'kuyambitsa DPP: otsutsa anakakamira Gawo 65 la Malamulo aakulu a dziko, lochotsa pampando phungu wosiya chipani chake n'kulowa china, bajeti n'kuchedwa miyezi.

Kwa ife a Chikwawa ndi Nsanje, kuchedwa kotereku n'koopsa. Madaiki otchinga madzi osefukira m'mbali mwa mitsinje ya Ruo ndi Mwanza amamangidwa m'chilimwe. Makontrakitala akalandira ndalama mu Novembala, mvula yafika kale, magalimoto a miyala amatitimira m'matope, ndipo Januwale anthu othawa madzi osefukira ali m'makalasi a sukulu ndi mphasa zawo. Msewu wa Thabwa kupita ku Muona nawonso chimodzimodzi.

Aphungu athu, makamaka oima paokha, voti yanu yakwera mtengo tsopano. Musaigulitse ndi unduna. Kambiranani zoti ndalama za madaiki ndi msewuwo zilembedwe m'bajeti ndi dzina lake, ndipo zituluke isanathe Juni.