Mbira ikadwala kapena ikachitidwa opaleshoni: za ku Njombe, za ku Lusaka ndi za kuno kunyanja

Mbira ndi kanyama ka kumapiri ozizira a Andes, ku Peru ndi maiko oyandikana nako, ndipo thupi lake silinaiwale kwawo. Imakhala bwino pa madigiri 18 mpaka 24. Kutentha kukadutsa 27 imayamba kuvutika, chifukwa siituluka thukuta. Tsono ganizirani Salima mu Okutobala ndi Novembala, masana dzuwa litaima pamutu, khola lili pansi pa malata. Woweta mbira kuno akamva malangizo ochokera kwa anzathu a kutsidya la malire, funso loyamba likhale lakuti kumeneko kukuzizira bwanji.

A ku Tanzania, makamaka ku Njombe, Iringa ndi Mbeya, amaitcha simbilisi, ndipo amaweta mwaunyinji chifukwa cha ndiwo ndi manyowa. Ambiri amazisunga m'khitchini, pansi, pafupi ndi moto, zikudya udzu ndi zotsalira za masamba. Kwa iwo zimenezi n'zomveka. Njombe ili pamwamba pa mamita opitirira 1,500, usiku kumazizira zedi, ndipo mbira yodwala ikakhala pafupi ndi mafuwa imapeza kutentha komwe ikufunikira. Ife tili pa mamita pafupifupi 500, m'mphepete mwa nyanja. Kuika mbira yodwala m'khitchini ya kuno mwezi wa Novembala ndi kuiphika yamoyo. Komanso utsi umaonjezera chifuwa. Chimene tingatengere kwa a Njombe ndi chakuti mbira zawo zimaponda pansi pouma, osati pa waya, ndipo udzu susowa pakamwa. Waya wa makola a akalulu umatupitsa mapazi a mbira mpaka zilonda za mafinya zomwe zimavuta kupola.

Kumene mbira ndi ndiwo, yodwala siipita kwa dokotala. Ndiye nzeru za opaleshoni tizifuna kwina. Ku Zambia sukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel pa University of Zambia yakhalapo kuyambira m'ma 1980, ndipo ku Lusaka kuli zipatala zingapo za agalu, amphaka ndi tinyama tina ta pakhomo. Ku Mozambique sukulu yotere ili ku Maputo, pa Eduardo Mondlane, kutali kwambiri moti munthu wa ku Metangula kapena ku Ulongué amayandikira Lilongwe kuposa likulu la dziko lake. Kwathu madokotala a ziweto tsopano akuphunzira ku Bunda, pa LUANAR, ndipo ku Lilongwe kuli chipatala cha bungwe losamalira nyama la LSPCA ndi zina za anthu wamba. Koma kuchokera ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, kuchokera ku Nkhotakota kuwirikiza kawiri. Munthu wa mu Lusaka angathe kubwerera kwa dokotala mawa lake bala likamukayikitsa. Inu simungathe mosavuta. Choncho ntchito yambiri yomwe kumeneko amachita a kuchipatala, kuno ili m'manja mwanu, ndipo muyenera kuchoka kwa dokotala mutafunsa zonse.

Maopaleshoni a mbira si ambiri: kuthena yaimuna, kuchotsa chotupa cha mafinya pakhosi, kuchotsa miyala m'chikhodzodzo, kutulutsa ana akakanirira, ndi kuchotsa thumba la mazira lotupa mwa zazikazi zazikulu. Za ana okanirira zili ndi chifukwa chake. Yaikazi ikafika miyezi 6 kapena 7 isanaberekepo, mafupa a chiuno amalimba osatsegukanso bwino, pamene ana a mbira amabadwa akuluakulu, aubweya, maso ali yuu, patatha masiku 59 mpaka 72. Za chotupa, musachiboole ndi minga kapena lezala ngati chithupsa cha munthu. Mafinya a mbira ndi olimba ngati chiponde, satuluka okha, ndipo thumba lake likatsala chimabwereranso.

Musaimane chakudya usiku woti mawa ndi opaleshoni. Lamulo limenelo ndi la anthu ndi agalu, omwe amasanza. Mbira siisanza, ndipo matumbo ake ayenera kuyenda nthawi zonse. Ola limodzi kapena awiri ndi okwanira kuti m'kamwa mukhale mopanda chakudya. Nyamukani m'mamawa kusanatenthe, mbira ili m'katoni yoboola mbali zonse, udzu uli momwemo, ndi kachidutswa ka nkhaka m'malo mwa madzi omwe angatayike. M'minibasi katoniyo isakhale pamwamba pa injini kapena pawindo la dzuwa. Funsani dokotala ngati adzaigonetsa ndi mpweya wa isoflurane kapena ndi jakisoni. Mpweya ndi wabwinopo chifukwa imadzuka msanga, koma si paliponse pomwe pali makina ake.

Ikabwera kunyumba, maola oyamba imakhala yozizira thupi ngakhale kuno kotentha, chifukwa mankhwala ogonetsa amatsitsa kutentha kwa thupi, komwe kumayenera kukhala pakati pa madigiri 37 ndi 39.5. Pa nkhani ya kutentha, apa ndi pokha pomwe timafanana ndi a Njombe. Mu Juni ndi Julayi, mwera ukuwomba, ikani botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje mbali imodzi ya katoni, kusiya malo oti ithawireko ikatenthedwa. Ikangoyamba kuyenda ndi kudya, chotsani botolo. M'chilimwe zimatembenuka: botolo la madzi ozizira lokulunga, chipinda cha denga la udzu kapena cha simenti pansi, saka lonyowa lolendewera pawindo. Mbira yotenthedwa imagona tambalale, kupuma mwabefu, dovu likutuluka. Inyowetseni makutu ndi mapazi ndi madzi a mumtsuko. Madzi a ayisi amaidzidzimutsa n'kuipha.

Pogona pake pakhale chitenje chakale choyera kapena thawulo, chosinthidwa kawiri pa tsiku. Mankhusu a mpunga, omwe ku Nkhotakota savuta kupeza, ndi abwino m'khola la masiku onse koma amamatirira pabala, utuchi chimodzimodzi. Nsalu yoyera imakuonetsaninso magazi, mkodzo ndi ndowe. Phimbani katoni ndi neti ya udzudzu. Ntchentche zikaikira mazira pabala kapena kumbuyo konyowa, kutentha kwa kunoku mphutsi zimaswa tsiku lisanathe. Miyendo ya tebulo lomwe mwaikapo katoni muiimike m'zitini za madzi kuti nyerere ndi linthumbu zisakwere.

Nkhani yaikulu ndi kudya. Mbira zambiri zomwe zimafa pambuyo pa opaleshoni sizifa ndi mpeni wa dokotala. Zimamva kuwawa, zimasiya kudya, matumbo amaima, mpweya umadzaza m'mimba, kuwawa kumaonjezereka, ndipo zimakaniratu chakudya. Ikatha maola 6 osadya yokha yambani kuidyetsa. Maola 12 opanda ndowe ndi ngozi. Ku Lusaka kapena ku Johannesburg munthu angathe kupeza ufa wogula wopangidwira tinyama todwala totere. Ife tili ndi mtondo. Umitsani udzu wabwino pamthunzi, kapinga kapena nsenjere yanthete, sinjani, sefani ndi sefa ya ufa. Sakanizani masipuni atatu a ufa wa udzuwo ndi sipuni imodzi ya dzungu lophika lopanda mchere, thirani madzi owiritsa ozizira mpaka likhale ngati phala la mwana. Shuga ayi, mkaka ayi, phala la ufa woyera ayi: matumbo a mbira amayendera ulusi wa udzu, ndipo zotsekemera zimangofufumitsa mimba.

Tengani sirinji ya 1 ml yopanda singano, dulani kamlomo kake kuti phala lidutse, salazani podulapo. Ikulungeni mbira m'kansalu, miyendo ili pansi monga imaimira. Musaigoneke chagada ngati khanda, chakudya chimalowa m'mapapo. Lowetsani sirinji chammbali, kuseri kwa mano akutsogolo komwe kuli mpata, finyani theka la mililita, dikirani itafune. Ikasiya kutafuna, imani. Pa tsiku imafuna mamililita 50 mpaka 60 pa kilogalamu ya thupi, ndiye ya magalamu 800 ndi mamililita 40 mpaka 50, ogawa kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi katatu, kuphatikizapo kamodzi pakati pa usiku. Madzi imafuna pafupifupi mamililita 100 pa kilogalamu, ena alowa kale ndi phala. N'zotopetsa, ndipo masiku atatu oyamba tulo mudzatiwona pang'ono.

Sikelo ya kukhitchini ikuuzani zoona kuposa maso. Yezani m'mawa uliwonse nthawi imodzimodzi n'kulemba. Yaikulu imalemera magalamu 700 mpaka 1,200. Ikatsika ndi 50 onjezani chakudya, ikatsika ndi 100 imbirani dokotala. Onaninso ndowe: zabwino ndi zazitali pang'ono, zofanana, zambiri. Zikayamba kuchepa, kuuma ndi kusongoka, chakudya chikuperewera. Mukaiona ikupinda mutu n'kudya ndowe zofewa zochokera kumbuyo kwake musaiopseze, ndimo mmene imapezera mavitamini ena. Ndi chifukwa chakenso kolala yapakhosi yomwe amaveka agalu kuti asanyambite bala siiyenera mbira.

Pa vitamini C, ife a kunyanja tapambana onse ogula chakudya cha m'mapaketi. Mbira, monga munthu, siipanga yokha vitaminiyu, ndipo popanda iye bala silipola, nkhama zimatuluka magazi, mfundo zimatupa mpaka kuyenda modumpha. Yathanzi imafuna mamiligalamu 10 mpaka 30 pa kilogalamu, yodwala pafupifupi 50. Wa m'chakudya cha m'mapaketi amatha mphamvu pakangopita miyezi, makamaka paketi ikakhala kotentha. Gwafa ali ndi mamiligalamu pafupifupi 200 pa magalamu 100, ndiye kachidutswa ka magalamu 20, mutachotsa njere, kakwanira tsiku. Magwafa akatha pali tsabola wobiriwira wosawawa ndi papaya pang'ono. Ikakana zonsezi, sinjani piritsi la vitamini C la 100 mg m'madzi okwana 10 ml, mupatse 4 ml pa sirinji, mawa mupange ena. M'madzi akumwa musathire, amasanduka kakomedwe n'kuleka kumwa. Mfutso ulibe kanthu pankhaniyi.

Masamba ena samalani nawo. Chigwada chachiwisi ndi makoko a chinangwa chowawa, zomwe kudera la kondowole zili paliponse, zili ndi poizoni yemwe ife timachotsa posinja, poviika ndi pophika. Mbira imadya zosaphika. Mapeyala, anyezi, masamba a tomato ndi a mbatatesi nawonso ayi. Bonongwe ndi wabwino mwa apo ndi apo, koma kwa mbira yomwe yachotsedwa miyala m'chikhodzodzo muchepetse kwambiri, chifukwa miyalayo ndi ya calcium ndipo imakonda kubwerera. Kholowa, masamba a nthochi ndi udzu wambiri ndiwo chakudya cha wodwala.

Chomwe chili chofanana m'maiko onsewa ndi shopu ya mankhwala a ziweto ndi mlangizi wozolowera mbuzi ndi ng'ombe. Botolo loyamba kugwiridwa ndi lija loyera ngati mkaka, Pen-Strep, losakaniza penicillin ndi streptomycin. Kwa mbuzi limathandiza, kwa mbira ndi imfa. Penicillin, amoxicillin, ampicillin, erythromycin, lincomycin ndi clindamycin amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo, toipa ta mtundu wa Clostridium n'kuchulukana, ndipo mbira imatsegula m'mimba kapena kungofa patatha masiku ochepa. Kapisozi wa amoxicillin wotsala m'nyumba asayandikire. Botolo lochokera ku Mozambique lidzalembedwa penicilina, amoxicilina kapena estreptomicina, ndi omwewo. Madokotala amagwiritsa ntchito enrofloxacin kapena cotrimoxazole, uja timamudziwa kuti Bactrim, ndi meloxicam wa ululu. Muyeso ulembedwe ndi dokotala malinga ndi sikelo, ndipo musachoke kuchipatala opanda mankhwala a ululu a masiku angapo. Ngati mlangizi wa kwanu sanagwirepo mbira, mupempheni mwaulemu aimbire dokotala wa ku Lilongwe asanabaye.

Ivermectin wa ng'ombe ndi msampha wina. Amathandizadi mphere za mbira, zija zimaiyabwa mpaka kugwa ngati yakhunyu, koma botolo la 1% lili ndi mamiligalamu 10 pa mililita, ndipo mbira ya magalamu 800 imafuna pafupifupi 0.03 ml, kosakwana n'dontho limodzi lomwe. Kuyeza ndi maso n'kosatheka, asungunule wodziwa, ndipo amabwereza pakatha masiku 7 mpaka 10. Ubweya ukamathothoka mozungulira kumaso ndi kumakutu mwina ndi chipere, chomwe chimapatsira anthu, makamaka ana, ndiye kusamba m'manja ndi sopo.

Bala liyang'aneni kawiri pa tsiku. Kutupa pang'ono masiku awiri oyamba n'kwachibadwa. Kufiira kofalikira, fungo, mafinya kapena ulusi woduka, jambulani pafoni mutumize kwa dokotala pa WhatsApp, zimapulumutsa ulendo. Musathire phulusa, spirit kapena mankhwala opopera mabala a ng'ombe, chifukwa idzanyambita. Madzi owiritsa theka la lita ndi tiyisipuni imodzi ya mchere ndi okwanira kutsukira. Ulusi wosasungunuka umachotsedwa pa masiku 10 mpaka 14, ndipo apa mlangizi wa pafupi angathandize.

Mbira yokhala yokha imakhumata n'kusiya kudya. Ikani inzake yofatsa pafupi, kuseri kwa waya, zizionana ndi kumvana kulira. Kalulu ayi: amanyamula kachilombo ka Bordetella kosamudwalitsa iye koma kopatsa mbira chibayo, ndiponso amamenya ndi miyendo.

Yaimuna yothenedwa ili ndi zake ziwiri. Pakatha sabata imodzi mpaka zitatu pangathe kutuluka chotupa pamalo othenawo: cholimba ndi chotentha nthawi zambiri ndi mafinya, chofewa chobwerera mkati mukachikhudza mwina ndi matumbo otsikira m'thumba, ndipo chimenechi n'chothamangira nacho tsiku lomwelo. Chachiwiri, imatha kuperekabe bere ngakhale yathenedwa, choncho ikhale kutali ndi zazikazi masabata 6 athunthu, muwerenge pa kalendala.