Calculator simadziwa fungo la nkhuku yoola m'filiji

Alamu anga a ku Manchester andipsetsa mtima lero. Ndawauza kuti ndikusonkha kandalama koti ndiike sola panyumba kuno ku Chilobwe, iwo n'kunditumizira chithunzi pa WhatsApp. Akuti alowetsa manambala mu calculator ya pa intaneti, yawauza kuti ndalama yanga idzabwerera pakatha zaka 11. "Alamu, musataye ndalama yanu." Zoona alamu?

Calculator yanuyo ikuyesa kuti magetsi amayaka tsiku lonse. Bodza lake lagona pamenepo. Ikutenga mtengo wa sola n'kugawa ndi ndalama ya mayunitsi, basi yamaliza. Kandulo mulibemo. Makala ophikira nsima magetsi akathima 5 koloko madzulo mulibemo. Nkhuku zisanu ndi imodzi zomwe ndinakataya kudzala mwezi watha zitanunkha m'filiji, mwaziika pa mzere uti? Mafilizi a mayi a kunyumba osungunuka, ana a sukulu n'kubwerera ndi ndalama zawo, calculator inawaona?

Sindikunyoza zida zonse ayi. PVGIS ya European Union ndi Global Solar Atlas ya World Bank ndi zida zaulere za pa intaneti zowerengera mphamvu ya dzuwa, ndipo pa nkhani ya dzuwa zimanena zoona. Ukaloza nyumba yako pa mapu zimakuuza kuti mapanelo a 1 kW kuno angakupatse mayunitsi 4 kapena 5 patsiku, pomwe kwanuko alamu simufika ngakhale 3. Zimaonetsanso kuti kuno mapanelo ayang'ane kumpoto, osati kummwera ngati kwanu. Za dzuwa zifunseni. Koma za mdima wa m'nyumba mwanga, funsani ine. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Kwanuko munthu amagula sola kuti bilu ichepe. Kuno timagula kuti mwana awerenge usiku. Si nkhani imodzi. Inu mukuwerengera phindu, ine ndikugula kuwala. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ndipo namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu 2022 tonse tinaona chomwe chinatsatira. Nanga zaka 11 zimenezo mwawerengera ndi kwacha iti? Yomwe inagwa ndi 44% tsiku limodzi mu November 2023 ija?

Batire ndikudziwa kuti imatha, ya asidi zaka ziwiri zitatu yafooka, ya lithium ndi yodula. Chiperoni cha mu June ndikuchidziwa, sindine mlendo mu Blantyre. Zonsezo ndaziwerengera pa kope langa, ndi bolopeni, nditayatsa tochi ya foni.

Ndipo inu ogulitsa mapanelo mtauni, manyazi mulibe? Chomata kumbuyo chalembedwa 300W koma kapanelo kake kukula ngati thireyi ya tiyi. Mnzanga anagula kotere, TV ikumazima nkhani za 8 koloko zisanathe. Atabwerera kusitolo akuti vuto ndi denga lake.