Tonse inagawana mipando, kiyi wa zisankho n'kumusiyira chipani chimodzi

Sabata yatha ndinakangana ndi alamu anga a ku Mbare mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, omwe makolo awo anachokera ku Dedza kalekale, ndipo mpaka lero mtima sunakhale pansi. Iwo akuti ife Amalawi sitidziwa kuyendetsa boma la mgwirizano, timangodziwa kuvinira limodzi pamsonkhano. Ndinapsa mtima, koma choyankha chinandisowa.

Taonani zimene a ku Zimbabwe anachita boma lawo la mgwirizano litayamba mu 2009. Unduna wa za m'dziko, womwe unkayang'anira apolisi ndi ofesi yosunga kaundula wa ovota, anaikamo nduna ziwiri pampando umodzi: Kembo Mohadi wa ZANU-PF ndi Giles Mutsekwa wa MDC, yemwe kenako analowedwa m'malo ndi Theresa Makone. Lamulo la zisankho linali m'manja mwa Patrick Chinamasa ku unduna wa zachilungamo, koma za malamulo aakulu a dziko anapatsa Eric Matinenga wa MDC. Ngakhale COPAC, komiti yolemba malamulo aakulu atsopano a dziko, inali ndi apampando atatu, chipani chilichonse wake: ZANU-PF ndi magulu awiri a MDC. Anthuwa sankakondana ngakhale pang'ono, n'chifukwa chake aliyense ankagona diso limodzi lili pa mnzake. Ndipo mgwirizano wawo wa pa 15 September 2008 aliyense akanatha kuuwerenga.

Nanga ife? Zipani 9 za mgwirizano wa Tonse zinalowa m'boma mu June 2020 ndi mgwirizano wobisa m'thumba. Tinachita kudikira mpaka July 2022 kuti malemu Saulos Chilima atiuzeko zina mwa zimene anagwirizana. Unduna wa zachilungamo unapita kwa a Titus Mvalo, ndipo malamulo atsopano a zisankho anakawapereka ku Nyumba ya Malamulo ndi iwowo. A Chilima anapatsidwa zokonza kagwiridwe ka ntchito m'boma, koma pa malamulo osankhira atsogoleri UTM inalibe nduna yake. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti mu 2024, UTM itatuluka mu Tonse, inayamba kulira limodzi ndi DPP za lamulo lofuna chiphaso cha unzika polembetsa mavoti. Lamulo limenelo linadutsa inu muli m'boma momwemo! Munali kuti pamene ankalilemba?

Apa ndivomereze, alamu anga sakuwina zonse. Nduna ziwiriziwiri zija sizinamuletse Robert Mugabe. Mu June 2013 anasintha lamulo la zisankho pogwiritsa ntchito mphamvu za pulezidenti, osadutsa kunyumba ya malamulo, n'kuika chisankho pa 31 July, Morgan Tsvangirai, mtsogoleri wa MDC, n'kungotsala akudandaula. Kwathu makhothi ali ndi mano: 50+1, yoti pulezidenti azipambana ndi mavoti oposa theka, yomwe aphungu anaikana mu December 2017 inabwera ndi chigamulo cha pa 3 February 2020. Izi a ku Harare amangozimvera pawailesi.

Ku Zambia 50+1 anailowetsa mu 2016 popanda za mgwirizano. Ku Joni, kuyambira 2024 unduna woona lamulo la zisankho uli ndi Leon Schreiber wa DA, wachiwiri wake wa ANC, ndiye nawonso akuyang'anana.

Komabe khothi limabwera zinthu zitaonongeka kale. Mu 2020 UTM inali ndi mphamvu zopempha ngakhale wachiwiri kwa nduna ya zachilungamo, kuti bilu iliyonse ya zisankho izidutsa m'manja awiri isanafike kwa aphungu. Mpando umenewo sinaupeze, ndipo pa mfundo imeneyi ndawaimbira foni alamu anga dzulo kuwauza kuti ananena zoona.