Wazaka 18 asanyengeke ndi chilolezo cha mfuti cha chigawo china

Abale anga amene muli ku America, makamaka inu makolo amene ana anu afika zaka 18, 19 ndi 20, pali nkhani imene ndikufuna tiikhalire pansi. Achinyamata ambiri akamva kuti chigawo cha Utah kapena cha Maine chimapereka chilolezo choyenda ndi pisito yobisa m'chiuno ngakhale kwa munthu wosakhala kumeneko, ndiponso kuti zaka 18 n'zokwanira, amaganiza kuti apeza njira yachidule. Amati akangolandira khadiyo ndiye kuti dziko lonse latseguka. Ine ndikuti ayi. Kwa munthu amene sanakwanitse zaka 21, khadi imeneyi imalonjeza zambiri kuposa zimene imapereka, ndipo maganizo anga ndi akuti zigawo zikanasiya kuipereka kwa alendo a msinkhu umenewu.

Poyamba timvetse kuti ku America kulibe chilolezo chimodzi cha dziko lonse. Zigawo 50 zija chilichonse chili ndi lamulo lake. Choncho pa nkhani ya zaka pali mafunso awiri osiyana, ndipo anthu amakonda kufunsa loyamba lokha. Loyamba ndi lakuti: chigawo chopereka chilolezo chimafuna zaka zingati? Lachiwiri, lomwe ndi limene limamangitsa anthu, ndi lakuti: chigawo chimene ndaimamo lero chimavomereza chilolezo cha kwina kwa munthu wa zaka zingati? Wapolisi amene wakuimitsa pamsewu amatsatira lamulo la pamalo pamene mwaimapo, osati la kumene khadi inasindikizidwa.

Zilolezo za alendo zimene anthu amazithamangira kwambiri zimayambira pa 21. Cha Florida, chimene chimaperekedwa ndi nthambi ya zaulimi ya chigawocho ndipo chimagwira ntchito zaka 7, chimafuna 21, kupatula asilikali ndi amene anapuma usilikali mwaulemu. Cha Arizona ndi 21, koma msilikali amatha kuchipeza ali ndi 19. Cha Virginia ndi 21. Cha Pennsylvania ndi 21 ndipo amapereka ndi sheriff, mkulu wa zachitetezo wa m'dera. Mbali inayi kuli Maine, kumene apolisi a chigawo amapereka kwa mlendo wazaka 18, ndi New Hampshire, kumenenso 18 imadutsa. Utah ali pakati: chilolezo chake chenicheni ndi cha 21 ndipo chimakhala zaka 5, koma kuyambira mu 2017 anayambitsa china chongoyembekezera cha anthu a zaka 18 mpaka 20.

Cha Utah chimenechi ndicho chimakopa ambiri, ndiye tiyeni tichione bwino. Munthu amalowa kalasi ya mphunzitsi wovomerezeka ndi ofesi yotchedwa Bureau of Criminal Identification, ndipo aphunzitsi otere amapezeka m'zigawo zambiri, safunika kupita ku Salt Lake City, likulu la Utah. Amatumiza fomu yodindidwa ndi mphunzitsiyo, zidindo za zala, chithunzi, kope ya laisensi yoyendetsera galimoto ndi ndalama zolipira. Ofesiyo ili ndi masiku 60 oti iyankhe. Ngati chigawo cha kwanu chimavomereza chilolezo chongoyembekezerachi cha Utah, amafuna muyambe mwaonetsa chilolezo cha kwanuko.  Khadi yongoyembekezerayo imatha mphamvu tsiku limene mwiniwake wakwanitsa zaka 21, siisanduka yokha kukhala yaikulu ija, amafunika kulembetsanso. Ndipo chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti lamulo la Utah silikakamiza kuti wophunzirayo aombe ngakhale chipolopolo chimodzi m'kalasimo. Florida pa mfundo iyi amachita bwino, amafuna mphunzitsi aone ndi maso ake munthuyo akugwira mfuti ndi kuiomba.

Tsopano titenge chitsanzo cha malo amene Amalawi ambiri amawadziwa, mzinda wa South Bend ku Indiana. Kuyambira pa 1 July 2022, munthu wazaka 18 amene alibe choletsa china angathe kuyenda ndi pisito mu Indiana popanda chilolezo chilichonse. Mnyamata wazaka 19 wa kumeneko, nzika ya America, atenge khadi ya Utah n'kuika m'chikwama. Akangoyendetsa galimoto mphindi zochepa kulowera kumpoto, ku Niles, walowa mu Michigan. Michigan amavomereza chilolezo cha mlendo pokhapokha chitaperekedwa ndi chigawo chimene mlendoyo amakhala. Khadi ya Utah m'manja mwa munthu wa ku Indiana kumeneko ndi pepala chabe, ndipo kuyenda ndi pisito yobisa popanda chilolezo ku Michigan ndi mlandu waukulu umene chilango chake chimatha kufika zaka 5 m'ndende. Akalowera kumadzulo, ku Chicago, n'kutsika galimoto ali ndi mfuti m'chiuno, zinthu zimaipiratu, chifukwa Illinois savomereza chilolezo cha chigawo china chilichonse kwa munthu woyenda pansi mumsewu. Ndiye taonani: kwawo khadiyo saifuna, kwa oyandikana nawo awiriwa siigwira ntchito. Wagula chiyani?

Colorado amachita zonse ziwiri. Amafuna chilolezo chikhale cha chigawo chimene mumakhala, komanso mukhale ndi zaka 21. Lamulo lolembedwa la Florida nalo limafuna mlendo akhale ndi 21, ngakhale kuti kuyambira July 2023 kumeneko anthu amayenda ndi mfuti popanda chilolezo. Mapu a mitundumitundu amene ali pa intaneti, oonetsa zigawo zimene zimalandira khadi ya Utah, nthawi zambiri amajambulidwa poganizira munthu wazaka 21 amene ali ndi khadi yaikulu. Wazaka 19 akawawerenga ngati akunena za iye, walowa m'mbuna ndi maso ali otsegula. Safunsa anadya phula. Mu 2013 mayi wina wa ku Philadelphia, wamkulu ndithu, wokhala ndi chilolezo chabwinobwino cha Pennsylvania, anaimitsidwa pamsewu ku New Jersey, n'kuuza yekha wapolisi kuti ali ndi mfuti. Anamangidwa, ndipo mlandu wake unali woti akanatha kukhala m'ndende zaka zoposa zitatu. Anadzakhululukidwa ndi bwanamkubwa Chris Christie mu 2015 nkhani itamveka dziko lonse. Ngati zinam'gwera munthu wamkulu wa ana, nanga kamnyamata kamene kangomaliza sekondale?

Pali msampha wina umene ngakhale akuluakulu ambiri saudziwa. Lamulo la mu 1990 la boma lalikulu, lolamulira dziko lonse, limaletsa kukhala ndi mfuti pamtunda wosakwana mafiti 1,000, pafupifupi mamita 300, kuchokera pabwalo la sukulu ya pulayimale kapena sekondale. Amene amamasulidwa ndi munthu amene chilolezo chake chinaperekedwa ndi chigawo chimene sukuluyo ili. Khadi ya Maine siikutetezani pafupi ndi sukulu ya ku Ohio. M'tawuni, ukajambula mabwalo a mamita 300 kuzungulira sukulu iliyonse, misewu yotsala ndi yochepa.

Kenako funso limene limayenera kubwera poyamba: pisitoyo waipeza kuti? Chilolezo choyenda ndi mfuti si chilolezo chogulira. Lamulo la mu 1968 limaletsa sitolo yovomerezeka kugulitsa pisito kapena zipolopolo zake kwa munthu wosakwana zaka 21. Wazaka 18 mpaka 20 angaipeze mwa mphatso yeniyeni, kapena pogula kwa munthu wamba wa m'chigawo chake chomwecho, ngati lamulo la chigawocho likulola. Pisito ikamachokera chigawo china imayenera kudutsa kusitolo yovomerezeka ya kwanu, ndiye kumeneko lamulo la 21 limam'pezanso. Cholakwa chofala ndi ichi: mwana kupereka ndalama zake kwa mkulu wake kapena amalume kuti akam'gulire, iwo n'kusaina fomu yogulira mfuti yotchedwa 4473 kuti akugula yawo. Limeneli ndi bodza la pa fomu ya boma, ndipo likhoza kumangitsa onse awiri. Makolo, musalole kuti chikondi chikusainitseni pepala limenelo.

Kwa ife obwera pali zinanso zolemera kuposa zaka. Amene ali pa viza ya sukulu, ya ntchito kapena yokacheza, lamulo la boma lalikulu limamuletsa kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo, kupatula pa zifukwa zochepa monga kukhala ndi laisensi yosakira nyama. Amene mapepala ake anatha ndiye osayerekeza n'komwe. Wa green card, chilolezo chokhala m'dzikomo mokhazikika, amaloledwa, ndipo Florida mwachitsanzo amapereka chilolezo kwa nzika ndi kwa a green card okha. Koma wa green card akapezeka wolakwa pa mlandu wa mfuti, ngakhale wongoyenda nayo malo olakwika, lamulo la olowa ndi otuluka limalola kum'thamangitsa m'dzikomo. Mnzake wobadwira konko akatuluka m'ndende amabwerera kunyumba kwa amayi ake. Wathuyu amatha kukwezedwa ndege.

Ndikudziwa zimene a mbali inayo amanena, ndipo si zopepuka. Amati munthu wazaka 18 amavota kuyambira mu 1971, amalowa usilikali, amakwatira, amaweruzidwa ngati wamkulu, ndiye bwanji ufulu wodziteteza uzim'dikira zaka zina zitatu? Mtsikana wazaka 19 amene amaweruka usiku n'kuyenda yekha kupita kokwerera basi sali pachitetezo chifukwa choti ndi wamng'ono. Makhoti ena agwirizana nazo. Chichokereni chigamulo cha khothi lalikulu kwambiri la America pa mlandu wa Bruen mu June 2022, chimene chinati malamulo a mfuti aziyesedwa poyerekeza ndi mbiri yakale ya dzikolo, malire a 21 akhala akugwa m'malo ena. Mu August 2022 woweruza wa ku Fort Worth anathetsa lamulo la Texas loletsa a zaka 18 mpaka 20 kuyenda ndi pisito. Mu 2024 khothi la apilo linagamula chimodzimodzi pa lamulo la Minnesota, ndipo mu April 2025 khothi lalikulu kwambiri linakana kuimvanso nkhaniyo. Koma mu March 2025 khothi lina la apilo linavomereza lamulo la Florida loletsa kugula mfuti usanakwane 21, limene linakhazikitsidwa ana asukulu ataphedwa ku Parkland mu 2018. Pa lamulo la masitolo lija, khothi la apilo la ku New Orleans linati n'losemphana ndi malamulo aakulu mu January 2025, la ku Richmond n'kunena zosiyana patangopita miyezi yochepa. Oweruza eniake akusiyana chonchi, ndiye tikuyembekeza kuti mwana wazaka 18 azidziwa pamene mzere wadutsa sabata ino?

Ine sindikulimbana ndi chigawo chimene chasankha kuti ana ake a zaka 18 aziyenda ndi mfuti kwawo. Louisiana ndi South Carolina anasankha zimenezo mu 2024, ndipo anthu a kumeneko ndi amene amavotera opanga malamulowo, ndi amenenso amaika maliro zikalakwika. Chilolezo cha mlendo n'chosiyana. Ofesi imene ikuchipereka siinamuonepo mnyamatayo. Mbiri ya milandu ya paubwana m'zigawo zambiri imakhala yotsekedwa, ndipo munthu wazaka 18 mbiri yake ya ukulu imakhala ya miyezi yochepa chabe, choncho kufufuza kukatuluka koyera sizitanthauza zambiri. N'chifukwa chake lamulo la boma lalikulu la mu 2022 linawonjezera nthawi yofufuza ogula mfuti osakwana 21 mpaka masiku 10 a ntchito. Sheriff wa kwanu mwina amadziwa kuti apolisi anaitanidwapo kangati pakhomo panu. Kalaliki wa kutali amangoona fomu. Ndipo khadiyo cholinga chake chenicheni n'kukaigwiritsa ntchito m'zigawo zina, zimene zambiri zinanena kale kuti wosakwana 21 sizimufuna. Kuti asilikali apatulidwe ndikumvetsa, chifukwa anaphunzitsidwa kwa miyezi ndipo ali ndi owayang'anira.

Amene wasankhabe kutenga khadiyo, achite izi. Ayambe ndi chilolezo cha chigawo chake ngati zaka zikulola, chifukwa ndicho chimalemekezedwa m'malo ambiri komanso chimam'teteza pafupi ndi sukulu za kwawo. Asanayambe ulendo alembe chigawo chilichonse chimene adutsemo, n'kutsegula tsamba la apolisi a chigawocho kapena la loya wamkulu wa boma lake, osati mapu a ogulitsa makalasi. Pa chilichonse afunse zinthu zitatu: kodi amalandira khadi ya mlendo, kodi amalandira yongoyembekezera, kodi amafuna zaka zingati. Pamene yankho lili lokayikitsa, mfuti ichoke m'chiuno asanadutse malire. Lamulo la mu 1986 limateteza wodutsa ngati mfutiyo yachotsedwa zipolopolo, ili m'buti, kapena m'bokosi lokhoma ngati galimoto ilibe buti, osati m'kabokosi ka kutsogolo kwa mpando, ndipo ngati akuloledwa kukhala nayo kumene wachokera ndi kumene akupita. Chitetezo chimenechi ndi cha munthu amene akudutsa. Akagona masiku awiri kwa msuweni ku Newark m'chigawo cha New Jersey kapena ku New York, asadalirenso lamulo limeneli.