Akuluakulu athu a ku Joni, yezetsani maso musanagwire mfuti yaikulu

Chisanu chikayamba, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, abale athu angapo kuno ku Joni amanyamuka ndi mabwana awo kupita ku mafamu a nyama zakutchire ku Limpopo. Ena amayendetsa galimoto, ena amasenda nyama, ndipo amene akhalitsa pantchito amapatsidwa mwayi woombera pa range, malo oyesera kuombera, abwana ali pomwepo. Ndikulankhula ndi inu amene mwapitirira zaka 50, chifukwa ndimakukondani ndipo nkhaniyi imandisowetsa mtendere.

Mfuti yoombera njati si ya masewera. Mfuti ya .375 H&H, yomwe inatuluka mu 1912 ndipo alenje akuikondabe, imabwezera paphewa mphamvu pafupifupi kuwirikiza kawiri ya mfuti yocheperapo ya .308. Nanga .416 Rigby ndi .458 Winchester Magnum, zimaposa pamenepo. Tsaya likakhala pa chitsa cha mfuti, mutu wonse umagwedezeka limodzi ndi phewa. Mnyamata amangoseka. Koma diso la munthu wamkulu silofanana ndi la mnyamata.

M'kati mwa diso muli madzi olimba ngati choyera cha dzira, ogwirana ndi retina, kachikopa kopyapyala kakumbuyo komwe kamalandira kuwala. Tikamakula madziwa amasungunuka, amafota, n'kuyamba kusiyana ndi retina. Kwa anthu ambiri zimangodutsa popanda vuto. Kwa ena amakoka n'kung'amba pang'ono, madzi n'kulowa kuseri, retina n'kuyamba kumatuka. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi omwe saona patali kuyambira kale ndipo amavala magalasi okhuthala, omwe anachitidwa opaleshoni ya ng'ala, omwe anavulalapo diso, ndi omwe m'banja mwawo wina zinamuchitikira. Onjezanipo odwala shuga, poti matendawa amawononga timitsempha ta retina mwakachetechete. Diso lotere mukulipatsiranji chigwedezo cha mfuti ya njati lisanaonedwe ndi dokotala?

Malume anga anabwerako ku Limpopo ali ndi bala lozungulira pamwamba pa nsidze. Maso atafooka anazolowera kusendeza nkhope pafupi ndi scope, chipangizo choonera patali chokhala pamwamba pa mfuti, kuti aone bwino, ndiye mfuti itabwerera chitsulo chija chinawatema. Iwo ankati ndi chizindikiro cha mlenje. Patapita masiku ochepa anayamba kuona kuwala kukung'anima pakona ya diso usiku, ndi timadontho takuda tikuyandama akayang'ana khoma loyera. Ndinati, “Malume, tiyeni lero lomwe.” Anayankha kuti, “Mphwanga, silikupweteka, ndikapita mwezi ukatha.” Tinawakakamiza. Dokotala anapeza pong'ambika pang'ono n'kupawotcherera ndi laser, ndipo diso likuona mpaka pano.

Chimene chimapusitsa anthu n'chimenecho: retina ikamamatuka sipweteka ngakhale pang'ono. Mukaona kung'anima, timadontho tambiri tatsopano, kapena mthunzi ukutseka mbali imodzi ya zimene mukuona, musadikire malipiro, musagule mankhwala odonthezera ku famase. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ku Soweto kuli St John Eye Hospital, mbali ya Chris Hani Baragwanath, komwe ntchito yawo ndi maso basi. Retina ikamatuka mpaka kufika pakati, pamene timawerengera ndi kuzindikirira nkhope, ngakhale opaleshoni itayenda bwino maso sabwereranso mwakale nthawi zambiri. Komanso akaika mpweya m'diso pa opaleshoniyo simuloledwa kukwera ndege mpaka utatha, ndiye ulendo wa ku Chileka kapena ku Lilongwe umayamba waima.

Sindikunena kuti mdala aliyense asiye mfuti. Pitani akakudonthezereni mankhwala otsegula kamwana ka diso, akaone mpaka kumbuyo, ndipo muwauze madokotala mosabisa mtundu wa mfuti imene mumaombera. Kuyezetsa kwa magalasi kokha ku mall sikukwanira. Akakuuzani kuti retina yanu ndi yopyapyala, tsikirani ku .243 kapena .308, ikani scope yokhala patali ndi diso, ndipo valani magalasi otchinjiriza. Abwana akakupatsani .458 kuti muiyese anzawo akuonerera, palibe manyazi kunena kuti, “Pepani bwana, dokotala anandiletsa.” Ndalama zimene mumatumiza ku Mangochi kapena ku Mzimba mwezi ndi mwezi mumazipeza ndi maso omwewo, ndipo woyendetsa galimoto amene diso lawonongeka ntchito imamuvuta kuisunga.