Gabriele Münter mwamuchepetsa

Zikomo alembi potikumbutsa m'nkhani yanu ija kuti mpaka 1919 masukulu ambiri aboma ophunzitsa zojambula ku Germany sankalandira akazi. Koma zandiwawa kuti wojambula Gabriele Münter mwangomutchula ngati bwenzi la Kandinsky, wojambula wa ku Russia, basi. Mayiyu anali m'gulu la ojambula lotchedwa Der Blaue Reiter kuyambira pomwe linkayamba mu 1911, ndipo amene waonapo zithunzi zake za ku Murnau (tauni ya ku Germany kumene ankakhala), zamitundu yowala ndi mizere yakuda yokhuthala, sangazisokoneze ndi za wina aliyense. Chipani cha Nazi chitayamba kulanda zojambula zamtunduwu, iye anabisa zambiri, kuphatikizapo za Kandinsky yemweyo, m'chipinda chapansi cha nyumba yake. Mu 1957, atakwanitsa zaka 80, anazipereka ku Lenbachhaus, nyumba yoonetsera zojambula mumzinda wa Munich. Chonde mudzalembe nkhani ya iye yekha.